Bola a Mvuu Ali Moyo

Lolemba, 7 Okutobala

Andigoneka mu wodi ya amuna, bedi lachitatu kuchokera kukhomo, pansi pa zenera losatseguka. Pa fayilo alemba Tomasi Bauleni, zaka 58, wa kwa Mbenje. Sikelo yati makilo 52. Ndikamapuma zikumveka ngati wina akucheka thabwa. Andibaya jakisoni wochepetsa kutupa kwa pakhosi, andiika kapaipi ka okosijeni m'mphuno, ndipo a dokotala Ella, mayi wamfupi wosataya mawu, andiletsa kuyankhula. Akuti ngati ndili ndi nkhani ndizilemba.

Kope ili anandigulira mwana wanga Tithokoze chaka chatha kuti ndilembemo mbiri ya zaka zanga za pa wailesi. Ndinalemba mutu wokha n'kuliponya m'sutikesi. Lero ndalitsegula kuti ndizilembamo mankhwala. Mbiri idikire.

Mkazi wanga Evelesi wapeza poyala mphasa kokhala odikirira odwala, kuseri kwa khitchini. Kunja kukutentha moti ngakhale mbuzi zasiya kulira.

Sindikuopa. Sindikumvanso china chilichonse.

Lachiwiri, 8 Okutobala

BP 130/85, kutentha kwa thupi 37.2. Atenga makhololo kukayeza TB. Chomwe tikudikira kwenikweni ndi zotsatira za kanyama kamene anandidula pakhosi ku Blantyre mwezi watha.

Kumanja kwanga kuli a Jabulani, odula nzimbe ku esiteti, kwawo ku Ntcheu. Chikwanje chinawatema pamsongolo ndipo bala likukana kupola chifukwa cha matenda a shuga. Pakamwa pawo ndiye palibe bala. Ali ndi kawailesi komanga ndi mphira, amakatsegula m'mawa mokha posunga mabatire.

Kumanzere kuli a Fernando, nkhalamba ya ku Chiromo, msodzi. Mtima wawo watopa, miyendo yatupa ngati mitondo. Anandilonjera m'Chisena: "Mwacherwa tani, baba?" Ndinaloza pakhosi.

"Pepani," anatero. "Ndiye ife tizilonga, imwe muzingomva."

Ntchito imeneyi sindinaigwirepo. Ndiiphunzira.

Lachitatu, 9 Okutobala

BP 128/80. Jakisoni m'mawa ndi madzulo. Phala ndameza pang'ono, lina labwerera.

Kusanache bwino a Jabulani anatsegula kawailesi kawo. Munali nkhani, kenaka malonda a feteleza, kenaka m'busa wina wokalipa. Anatseka.

"Wailesi inatha iyi," anatero. "Kale nthawi ngati ino kukadakhala Dzuka Chigwa. Tinkamvera tili m'ngolo ya thirakitala popita kumunda. Umafika kodula nzimbe nthiti zikuwawa kale."

Ndilembe pano, poti kope ndi langa: Dzuka Chigwa inali pulogalamu yanga. Pa wailesi yathu ya m'chigwa muno ndinkadziwika kuti Lucky. Dzina la Bauleni linali la kutchalitchi ndi pa chitupa. Nkhope yanga anthu sankaidziwa, ndipo sanaluze kanthu. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

Wodi yonse inalowerera. Aliyense anali ndi yake ya a Mvuu, mvuu ya mu Shire imene inkaimba foni ku situdiyo m'mawa uliwonse kudzadandaula. Wina anakumbutsa za tsiku lomwe a Mvuu anakalipira alimi kuti akudzala chimanga kutali ndi mtsinje pamene iwo miyendo ndi yaifupi. Wina anakumbutsa za ukwati. A Mvuu anafunsira mkazi wa Chimang'anja, n'kuuzidwa kuti akakhale chikamwini kumudzi kopanda ngakhale chithaphwi. Atapita kwa Asena anawatchulira ng'ombe za malowolo, iwo n'kuti, "Ine ndemwe ndine ng'ombe ya m'madzi, nditengeni." A Jabulani anayesera mawu ake. Sanawathe, koma anthu anaseka mpaka wa bedi lakumapeto anatsamwa.

"Nanga mnzake uja, Lucky?" anafunsa a Fernando.

"Aa, ameneyo ntchito yake inali kuseka basi," anayankha a Jabulani. "Mwini nthabwala anali a Mvuu. Lucky ankangodyera pamsana pa mnzake."

Ndinayang'ana kudenga. Pafupi ndi getsi pamakhala buluzi wina woduka mchira. Sizinandipweteke.

Lachinayi, 10 Okutobala

BP 126/82. Anditengera kokajambula pachifuwa pa njinga ya odwala. Lero mphamvu zilipo pang'ono, ndiye ndilembeko za mbiri ija.

A Mvuu anabadwa mwangozi. Tsiku lina tinaitana mlangizi wa zaulimi, koma bwato lomuwolotsa linachedwa. Nyali yofiira inali itayaka kale, ndipo pa wailesi kukhala chete ndi mlandu. Angela, amene ankayendetsa makina kuseri kwa galasi, ankangondikodola kuti nenani kanthu. Pakona panali ndowa yachitsulo yokolopera. Ndinalowetsamo mutu n'kubangula kuti, "Ndine Mvuu, ndikuimba kuchokera mu Shire." Ndinatulutsa mutu n'kuyankha ndi mawu anga, kenaka n'kubwereramo. Ndinamaliza ola lonse choncho, tsitsi likununkha sopo.

Mawa lake mafoni sanapume. Angela anati, "Achimwene, tikaulula, mvuuyi ifa." Sitinaulule. Ankadziwa ndi iye, Evelesi ndi ndowa. Anthu ankati a Mvuu ndi mphunzitsi wina wa ku Bangula, ena ankati ndi mlonda wathu. Ankasiya mbatata pa geti kuti mukawapatse a Mvuu. Lucky sanatumiziridwepo ngakhale nzimbe.

Pomaliza pulogalamu a Mvuu ankati, "Ine ndamira kaye," ine n'kumenya pansi pa ndowa. Tinatero zaka khumi ndi zinayi, mpaka akuluakulu atsopano anagulitsa ola lathu kwa otsatsa malonda. Ndowa ndinapita nayo kunyumba. Evelesi amatungira madzi.

Ndalemba zambiri. Mkono watopa.

Lachisanu, 11 Okutobala

Zotsatira zabwera. A dokotala Ella anatiitanira m'kachipinda ka anesi, ine ndi Evelesi.

Ndi khansa ya kholingo. Pa chithunzi mapapo ali bwino, sinafalikire. Chithandizo chilipo: opaleshoni ku Blantyre, kuchotsa kholingo lonse. Ndizipumira pa kabowo ka pakhosi moyo wanga wonse. Kudya ndizidya. Mawu sadzabweranso. Ndikakana, chotupacho chitseka njira ya mpweya, mwina chaka chino chisanathe. Malo alipo sabata ya pa 21, koma yankho akulifuna pofika Lachisanu likubwerali.

Ndinalemba papepala: "Palibe njira yosiyako mawu?"

"Palibe, abambo. Chakula kale."

Ndinalemba: "Ndiye ayi."

A dokotala anawerenga, anandiyang'ana, n'kuti ndili ndi sabata yoganiza. Evelesi ankangopinda nsonga ya chitenje n'kuifunyulula.

Nditabwerera pabedi a Jabulani anafunsa, "Zili bwanji, achimwene?" Ndinakweza chala chachikulu. Chakudya chamasana chinali nyemba.

Loweruka, 12 Okutobala

TB alibe. Ayamba kundipatsa mofini wamadzi, kasupuni maola anayi aliwonse. Makilo 51.

Wa bedi lakumapeto watisiya masana. Anamuphimba, anamutulutsa, anakolopa. Pofika madzulo panali wina.

Lamulungu, 13 Okutobala

BP 120/78. Mofini akundigonetsa.

Kunabwera kwaya ya amayi kudzaimbira odwala. Nthawi ya alendo wodi inanunkha mlamba wowamba ndi mango. Evelesi anandibweretsera phala la mchewere losefa ndi madzi a masau. Masau anapita, phala linakana.

Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyankhula motsitsa.

"Abambo a Titho, musaine."

Ndinalemba: "Munthu wa pa wailesi wopanda mawu ndi chiyani?"

"Wailesi inakusiyani kalekale inu. Amene simunaisiye ndinu."

Ndinalemba: "Sungamvetse."

Anang'amba pepalalo, n'kupukutira supuni. Kukangana polemba n'kovuta. Ukamamaliza chiganizo mnzako watsuka kale mbale.

Potuluka anati za matenda anga wamuuza Angela, amene tsopano ndi mkulu wa wailesi ija. Tithokoze anaimba kuchokera ku Lilongwe. Iye ankalira, ine ndinkapuma pafoni.

Lolemba, 14 Okutobala

BP 124/80. Asintha kapaipi ka okosijeni. A Jabulani awatsuka bala, anatukwana m'Chingoni chomwe sindinkadziwa kuti amachidziwa.

A Fernando lero anali ndi mpweya wokwanira nkhani. Anatembenukira kwa ine, poti ndine amene sindidula mawu.

"Baba, ine Mvuu uja ndili naye mangawa a moyo. Chaka cha madzi aakulu chija a boma anabwera ndi galimoto ya chinkuzamawu, kuti thawirani kumtunda. Ife nkhabe kubva, sitinamvere. Chaka chilichonse amalonga zomwezo, ukathawa umapeza mbuzi zako aba. M'mawa mwake Mvuu analonga pa wailesi kuti, 'Abale, ine kwathu ndi m'madzi, koma madzi akubwerawa ndamanga katundu.' Tsiku limenelo ngakhale Lucky sanaseke. Ine ndinati, mvuu ikuthawa madzi, nanga ine ndine ndani? Ndinakweza ana ndi adzukulu m'bwato. Pofika mawa lake nyumba kunalibe."

Anakoka mpweya n'kupitiriza.

"Onse alipo. Wina ndi mphunzitsi."

M'mawa umenewo ndikuukumbukira. Ndinalowetsa mutu mu ndowa ndilibe nthabwala iliyonse. Sindinkadziwa ngati pali amene akumva.

Madzulo Angela watumiza uthenga pafoni ya Evelesi: "Auzeni achimwene amvetsere mawa m'mawa. Ndawakonzera kanthu kowasangalatsa."

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la anakubala, madokotala sanayende raundi. BP 132/86.

A Jabulani atatsegula kawailesi, mnyamata wina anati, "Lero tikumvetserani pulogalamu yakale ya mkulu wathu Lucky." Kenaka kunalira ng'oma ija yotsegulira, ndipo ndinamva munthu akuti, "Dzuka chigwa, dzuwa lakupeza pamphasa." Mawu osalala, othamanga, a munthu amene sanadwalepo. Sindinamuzindikire msanga.

Wodi inadzuka. Oyenda anabwera ndi madripu awo kudzaunjikana pa bedi la a Jabulani. Nesi Praise anaima ndi thireyi ya mankhwala. Inali ija a Mvuu ankati magetsi a ku Kapichira amayaka chifukwa iwo amayasamula kumtunda kwake, ndiye awalipire. Anthu ankanenera limodzi mawu asanatuluke. Ine ndinali nditaiwala theka lake.

A Mvuu anati, "Ine ndamira kaye," ndowa inalira, ndipo kunalowa nyimbo ya kwaya, poti ndi imene imatsatira pa nthawiyo. Kuseka kunatha pang'onopang'ono.

"Tsekani," anatero a Fernando. "Wailesi sibwereza mawu a munthu wamoyo."

Ndi zoona, kuno aliyense amadziwa zimenezo. Wailesi ikafukula mawu akale a munthu, ndiye kuti mwini wake wagona. Tinatero ndi woimba valimba wina, tinateronso ndi mnzathu wowerenga mauthenga a maliro. Makaseti ake ndinkaika ndine. Angela anaiwala, kapena chifundo chinamuiwalitsa.

A Jabulani anavula chipewa.

"Atchula Lucky. Ndiye kuti wapita ndi Lucky." Kenaka anati, "Pepani ndithu. Koma bola a Mvuu ali moyo."

Onse anavomera. Nesi Praise anandipatsa mofini, ndinameza.

Lachitatu, 16 Okutobala

BP 130/84. Makilo 50.

Foni ya Evelesi yakhala ikulira kuyambira dzulo. Abale akufunsa kuti thupi lifika liti. M'mawa uno wakwera minibasi kupita kumudzi, akuti pakhomo padzaza anthu.

Mu wodi munali maliro anga tsiku lonse. Womwalira saipa. A Jabulani amene, akuti kuseka kwa Lucky kunali mankhwala, ndipo a Mvuu sakadatchuka popanda womuputa. Nesi Praise akuti ali mwana ankachedwa kusukulu chifukwa chodikira ndowa ilire, n'kukapeza aphunzitsi nawonso achedwa. Bambo wina wa bedi lapakati akuti anakumana naye Lucky pa Nchalo, anali wamtali, woyera, wa mano okongola. Ine ndine wamfupi, ndipo mano anga ndi nkhani ina.

Ndinalemba papepala kuti "Lucky ndine." Ndinaliyang'ana n'kulipinda. A Fernando sawerenga, ndipo a Jabulani akadati mofini wandizunguza mutu. Komanso ndikadawauza chiyani? Anangofulumira ndi miyezi iwiri kapena itatu.

Si ambiri amene amakhala nawo pa maliro awo. Anayenda bwino. Ndinagona pakati pake.

Lachinayi, 17 Okutobala

Evelesi wabwera masana, fumbi mpaka m'nsidze. Sanandipatse moni. Anakhala pansi n'kuyankhulira pafupi ndi khutu langa.

Akuti anapeza amayi akulira pakhonde, amuna akhala pansi pa mtengo wa nimu. Ena anachokera kutsidya pa mabwato, ena pa makabaza kuchokera ku Bangula. Nkhuni zaunjikana kufika pazenera, ufa uli m'malichero. Anaima pakhomo n'kuwauza kuti mwamuna wake ali moyo, wamusiya akupuma. Ena anatsutsa, amvekere wailesi yanena. Anabalalika dzuwa litapendeka, ndipo nkhuni anazisiya poti nkhuni za maliro sabwerera nazo kunyumba.

Angela akupepesa, akufuna kulengeza kuti ndili moyo. Ndinalemba: "Adikire. Alengeza kuti ndili moyo mpaka liti?"

Evelesi anawerenga. Ulendo uno sanang'ambe.

"Abambo a Titho, ine maliro anu ndawaona. Anthu amalira mawu. Amatchula a Mvuu kuposa inu. Mawuwo ali nawo kale, asunga m'mutu, ndipo Angela ali nawo m'makina. Ine ndasunga chiyani? Zaka zonse zija mumadzuka kuli mdima kukadzutsa chigwa chonse, ine n'kumadzuka ndekha. Pulogalamu itatha munakhala pakhonde ngati mlendo wodikira basi. Lero akuti mukhoza kukhala ndi moyo, inu mukuti ayi chifukwa cha mvuu. Ine sindinakwatiwe ndi ndowa."

Anatenga mbale n'kutuluka.

Chakumadzulo mpweya unatseka. Ndinakoka, osalowa. Ndinamenya chitsulo cha bedi, a Jabulani anakuwa kuitana nesi. Anakweza okosijeni, anandibaya jakisoni mumtsempha, anandikhazika tsonga. Patapita kanthawi kanjira kanatseguka.

Ndinaopa. Sindinaganize za wailesi ngakhale pang'ono. Ndinkayang'ana kukhomo kumene Evelesi anatulukira.

Lachisanu, 18 Okutobala

BP 138/90. Ndasaina. A dokotala Ella anangoti, "Chabwino, abambo," n'kuimba foni ku Blantyre. Ambulansi inyamuka Lolemba m'mawa, opaleshoni Lachitatu.

Ndinkafuna moyo ndi mawu omwe, koma mapanga awiri avumbwitsa.

Evelesi atamva anati, "Ndikachape zovala zanu." Anachapa ndi zoyera zomwe.

Kubafa ndinali ndekha, ndiye ndinaswa lamulo la a dokotala. Ndinafuna kumva chomwe chatsala. Ndinati, "Evelesi." Chimene chinatuluka si mawu anga. Anali mawu okhuthala, okhakhala, ochokera pansi pa madzi. Ndinayesanso kukweza kuti ndipeze a Lucky, sanapezeke. Chotupa chinawadya kale. Atsala ndi a Mvuu okha, opanda ndowa.

Loweruka, 19 Okutobala

Atenga magazi, akuti ndi okwanira opaleshoni. Makilo 50.

A Jabulani mwendo wawo upulumuka, bala layamba kufiira bwino. A Fernando awaika okosijeni. Mapiritsi otulutsa madzi sakugwiranso, ndipo ana awo awaitana.

Madzulo anayankhula osatsegula maso.

"Mvuu uja bwanji sakubwera pa wailesi kudzalira mnzake? Ndikadangomumva kabodzi. Sindinamuuzepo takhuta, zikomo wathu wa Chisena."

A Jabulani anati mwina chisoni chamukulira.

Lamulungu, 20 Okutobala

Kwaya inabweranso. Evelesi walongedza. Tithokoze akatipeza ku Blantyre.

Buluzi uja wayamba kumera mchira.

Lolemba, 21 Okutobala

Ndikulemba tili pa Thabwa, dalaivala waima kuti injini izizire tisanakwere mapiri. Zolemba zikhala zokhota.

M'mawa a Jabulani anatsegula kawailesi. Malonda a feteleza. Anatseka. Nesi Praise ankagawa mankhwala, Evelesi anaima kumiyendo kwa bedi ndi chikwama. Ndinakhala tsonga, ndinachotsa kapaipi m'mphuno, ndinakoka mpweya wonse umene kanjira kanga kakadalola.

"Dzuka chigwa," ndinatero. "Ndine Mvuu. Lero sindikuimba kuchokera mu Shire. Ndili pa bedi lachitatu. Madzi a kuno ndi a m'botolo, amalowera pamkono, ndipo ndi ochepa."

A Jabulani anatola kawailesi kawo, anakagwedeza, anakaika kukhutu. Kanali kotseka.

Ndinapuma. Mawu anali kutuluka atatu atatu.

"Za maliro a Lucky mwanamizidwa. Kamunthu kaja kali moyo. Kamafuna kufa, mkazi wake wakaletsa. Amene akupita ndine. A Fernando, ndamva kuti mumandifuna. Ndabwera."

Wina kumapeto anayamba kuseka n'kusiya. A Jabulani anandiyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Ndiye kuti nonse awiri ndinu?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ndiye zija ndinanena zija, achimwene..."

Ndinawakupizira dzanja. Sananame kwenikweni.

A Fernando anatambasula mkono pakati pa mabedi athu. Dzanja lawo linali lozizira, lolemera. Anachotsa chophimba cha okosijeni.

"Takhuta, baba. Onse alipo."

"Ndinamva," ndinatero. "Wina ndi mphunzitsi."

Anaseka popanda mawu, mapewa okha. Ine chifuwa chinayamba, pa kansalu panaoneka magazi pang'ono. Nesi Praise anabwezera kapaipi m'mphuno mwanga misozi ili m'masaya, akundikalipira kuti a dokotala analetsa. Ndinamupempha ndi chala kuti kamodzi kokha.

"Ine ndamira," ndinatero. Mawu akuti kaye ndinawasiya.

Panalibe ndowa. A Jabulani anatenga mbale yawo yachitsulo n'kuimenya pansi ndi supuni.

Ali kundikankha pa njinga kupita ku ambulansi, ndinakumbukira kuti mawu omaliza ndawapereka kwa chigwa, ngati kale. Ndinagwira chitenje cha Evelesi. Ndinali ndi mpweya wa liwu limodzi. Ndinatchula dzina lake.

"Ndamva," anatero. "Khalani chete tsopano."

Loweruka, 26 Okutobala, Blantyre

Anachotsa Lachitatu. Kabowo kali pakhosi. Chakudya chikulowera pa paipi ya m'mphuno. Kuwawa. Evelesi ndi Titho ali pano.

Kuno kukuzizira.

Lachinayi, 31 Okutobala

Akuti anachotsa chonse. Padzafunika chithandizo china chotsatira, adzatiuza. Andiphunzitsa kutsuka kabowo ndi kukaphimba ndi kansalu. Ndikatsokomola ndimaiwala n'kugwira pakamwa.

Angela analengeza kuti ndili moyo. Akuti mafoni sakupuma, ndipo aliyense akamaliza kuthokoza Mulungu akufunsa kuti nanga a Mvuu abwerera liti. Wafunsa chowayankha. Sindinalembe kanthu.

Lachisanu, 15 Novembala

Anditsitsa kuchigwa, wodi yomwe ija, kuti aone bala masiku angapo ndisanapite kumudzi. BP 122/78. Makilo 51. Phala ndameza ndi pakamwa, lonse.

A Jabulani akadalipo, akuyenda ndi ndodo. Atandiona anaimirira n'kuti, "A Lucky, mwabwera." Sanandipemphe nthabwala. Pa bedi la kumanzere pali munthu wina. A Fernando anatisiya Lachinayi la sabata yomwe ndinachoka ija. Akuti aliyense wobwera kuchokera ku Chiromo iwo ankamuuza kuti anagona pa bedi loyandikana ndi la Mvuu, ndipo anthu ankati ndi matenda akuwayankhulitsa.

Ndinamva chisoni. Chinabwera bwinobwino, ngati mwendo wadzanzi ukayamba kumva.

Kunja kwachita mitambo. Evelesi akuti mvula ikagwa tidzale mapira msanga, ine ndiziponya mbewu iye azikwirira. Masiku ano akuyankhula kwambiri, nkhani zina za zaka makumi awiri zapitazo. Sindinkadziwa kuti ali ndi nthabwala.

Madzulo anafunsa za nkhuni zija. Zikadali pakhomo, ndipo anthu akudutsa n'kumaziyang'ana. Kodi azigawe, kapena akazitaye kudambo?

Ndinalemba: "Usataye. Maliro analipo, anangolakwitsa dzina."

Anawerenga kawiri, anapinda pepalalo n'kulimanga pa nsonga ya chitenje.

"Ndiye ndiziphikira phala lanu," anatero. "Zitifikitsa mpaka kukolola."